Ndalama ya sukulu ya mwana ndiisunge pati kuti isasungunuke?

NyaMhango, Chiputula

Moni nonse. Nthawi zambiri ine ndimangowerenga za anzanga osayankhapo, koma usiku wa leronso tulo tandithawa, ndiye ndati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndifunse basi.

Ndili ndi ana awiri. Wamkulu ndi mtsikana, ali Fomu 2, wamng'ono ndi mnyamata wa Sitandade 5. Mtsikanayu mutu wake umagwira, makamaka masamu ndi Biology, ndipo iye kale anamanga mfundo yoti adzagwira ntchito ya chipatala. Bambo ake ndi mphunzitsi wa ku pulayimale. Ine ndimagulitsa zitenje ndi nsapato ku msika wa Taifa mu Mzuzu muno, katundu ndimakatenga ku Kyela, ku Tanzania.

Mu 2019 ndinatsegula buku ku banki lapadera la mwanayu, n'kumaponyamo K15,000 mwezi uliwonse. Masamu anga anali osavuta. Nthawi imeneyo fizi ya ku mayunivesite ambiri a boma inali isanafike ndi theka la miliyoni lomwe pa chaka, ndiye ndinkati pofika chaka chimene adzalembe mayeso a Fomu 4 ndidzakhala nditasonkhanitsa ya zaka zinayi zonse. Ndinkadziona wochenjera zedi, mpaka ndinkalangiza anzanga kumsika. M'katimu ndinatapako kawiri, nthawi ya Covid geni itaima ndi pa maliro a apongozi anga aamuna, moti lero m'bukumo muli K870,000.

Ndiye mu 2023 tinangomva kuti fizi yafika pa K650,000 pa chaka, ndipo ku KUHeS, yunivesite ya za chipatala komwe mtima wa mwana wanga uli, K1 miliyoni. Chaka chomwecho mu Novembala kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Ine zimenezi sindinazimvere pa wailesi pokha ayi, ndinaziona ndi maso pa malire a Songwe, ndalama imene ndinkadzaza nayo zikwama ziwiri itandigulira chikwama chimodzi ndi kachidutswa. K15,000 ija poyamba inkagula thumba la chimanga n'kutsala chenji ya kuchigayo. Lero siifika ndi theka la thumba lomwe. Thukuta la zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo silingalipire ngakhale chaka chimodzi ku sukulu imene mwana akufuna. Kwatsala zaka ziwiri ndi miyezi kuti alembe, ndiye podzafika kumeneko fizi idzakhala pati?

Kunyumba sitikugwirizana. Bambo akuti titulutse yonse tikagule poloti cha ku Dunduzu, tidzagulitse mwana akadzasankhidwa. Achimwene anga kumudzi ku Ekwendeni akuti ng'ombe. Anzanga a kumsika akuti ndiiphatikize ku mpamba izizungulira. Ine mantha anga ndi akuti ikangotuluka m'bukumo sidzabwereranso. Inu amene munaphunzitsapo ana ku koleji m'zaka zino, munatani? Nyumba imene tikukhala ndi yathu, ngakhale ndi yaing'ono, ndipo ngongole ya katapila tilibe.

Bambo a Wezi, Chibavi

Mayi NyaMhango, choyamba musadzinyoze. Makolo ambiri amayamba kuthamangathamanga dzina la mwana litatuluka kale pa mndandanda wa osankhidwa. Inu mwayamba mwana ali ku pulayimale.

Ine ndaphunzitsa awiri, mnyamata pa Mzuzu University (Mzuni) pompano, mtsikana ku Bunda. Ndikuuzeni chimene palibe anandiuza: fizi ndiye mbali yaing'ono ya nkhaniyi. Imapweteka chifukwa imabwera pamodzi ngati chibakera, koma imene imatha munthu ndi ya tsiku ndi tsiku. Masiku aja ophunzira ankadya ku kafeteriya ya boma n'kumalandiranso alawansi anapita kalekale. Lero mwana amadzipezera yekha pogona ndi chakudya. Malo m'mahositelo ndi ochepa, ndiye ambiri amachita lendi kunja. Dutsani ku Luwinga kapena ku Area 1B madzulo muone mbaula zili mbwee pakhonde, ana a eni akukazinga soya ndi bonya. Kenako laputopu, chifukwa masiku ano ntchito ya m'kalasi salemba pamanja. Bando ya intaneti. Fotokope. Chaka chachitatu akuti akupita ku atachimenti, kumeneko lendi ina, thiransipoti ina. Chaka chomaliza kafukufuku, kusindikiza, kumanga mabuku, mpaka gauni ya pa tsiku lomaliza kulipira.

Ndinkalemba zonse m'kope, chizolowezi cha ukalaliki. Mnyamata uja ankagona kunyumba, kudya nsima yathu yomweyi, m'mawa n'kupalasa njinga kupita ku Luwinga. Mvula ya kuno mukuidziwa, ankafika m'kalasi atanyowa ngati nkhuku, ndipo ankandikwiyira kuti anzake akukhala mwaufulu. Koma pa iyeyo ndinawononga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene ndinawononga pa mlongo wake. Mtsikana uja basi yokha yopita ku Lilongwe ndi kubwera, kanayi pa chaka, inali nkhani.

Ndiye pamene mwana adzalembe fomu yosankha maphunziro ya ku NCHE, bungwe loona za maphunziro a m'mayunivesite, mudzakhale naye pansi. Sindikuti mumuphere maloto ake a KUHeS ayi. Koma adziwe kuti pa Mzuni paliponso za chipatala: unamwino ndi uzamba, za maso, za ku labu. Ku Chiputula ndi ku Luwinga ndi pafupi. Mwana wogona kwawo ndiye kuti theka la vuto mwalichotsa musanayambe.

Tsopano za ndalama yanuyo. Ine chimene chinandipulumutsa ndi zipinda ziwiri zimene ndinamanga kuseri kwa nyumba. Sindinamange tsiku limodzi. Ndikalandira malipiro ndinkagula malata awiri n'kuika pansi pa bedi, mwezi wina mafelemu a zitseko, mwezi wina matabwa kwa anyamata a ku Chikangawa. Simenti yokha ndiye musasunge, kuno chinyontho chimaiumitsa ngati mwala, ndinataya matumba atatu ndisanaphunzire. Mayi a Wezi ankadandaula kuti chipinda chogona ndachisandutsa hadiweya. Zinanditengera zaka ziwiri. Koma malata amene ndinagula kwacha isanagwe, itagwa anali malata omwewo, pamene ndalama ya m'buku inatsala dzina lokha. Ndipo lendi imabwera mwezi ndi mwezi, chimodzimodzi mmene njala ya mwana wa ku koleji imabwerera. Zinthu zikakwera nanunso mumakweza lendi pang'ono, mochedwa inde, chifukwa alendi nawo ndi anthu, koma imakwera.

Poloti ya amuna anuyo sindikuinyoza, malo mu Mzuzu muno sanatsikepo mtengo chibadwire changa. Vuto lake ndi lakuti poloti yopanda nyumba siibala kanthu, ndipo pa tsiku logulitsa mudzakhala muli pa changu, sukulu ikutsegulidwa Lolemba. Ogula amanunkhiza changu ngati fisi. Komanso malo a m'mphepete mwa tauni ena amagulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu. Msuweni wanga mpaka lero akuyendera mlandu wa poloti imene anagula kwa munthu amene anali atagulitsa kale. Ngati mugula, mapepala aoneke kaye, ndipo mufunse anthu oyandikana nawo musanapereke ndi tambala yomwe.

Kuseri kwa nyumba yanu kuli malo?

Lusungu wa ku Masasa

Amayi, ine ndinamaliza digiri chaka chathachi, ndiye ndiyankhe ngati mwana.

Ngongole ya boma ilipo, imachokera ku HESLGB, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 2015. Mwana akasankhidwa amalemba fomu yopempha, ndipo amaona kuvutika kwa banja. Ena amapatsidwa ya fizi ndi ya upkeep (yodzisamalira), ena mbali imodzi, ena sapatsidwa chifukwa opempha amachuluka kuposa ndalama. Ndiye mudzapemphe ndithu, koma musaiwerengere ngati ili kale m'thumba, makamaka poti bambo ali pa ntchito ya boma. Komanso ndi ngongole, si mphatso. Ukamaliza umabweza, ukalembedwa ntchito amadula ku malipiro.

Chimene ndikufuna kutsindika ndi chimene anena Bambo a Wezi. Mayi anga ankalimbana ndi fizi, akalipira n'kupuma kuti ntchito yatha. Ine sindinkafuna kuwavutitsa, ndiye ndinkangokhala chete. Semesita ina ndinatha masabata atatu ndikudya kamodzi pa tsiku, madzulo okha, chifukwa ukadya masana usiku suwerenga. Magiredi anga a semesita imeneyo akuoneka okha pa transcript. Kwa ife anyamata zimathera pa njala ndi ngongole za m'magolosale. Kwa atsikana pamakhala azibambo a magalimoto amene amadziwa bwinobwino sabata imene ndalama zimathera ana a sukulu. Sindikuopsezani, ndikungonena zimene ndinaona. Mwana wanu K40,000 yobwera pa 1 mwezi uliwonse mosaphonya idzamuteteza kuposa K300,000 yobwera kamodzi kenako zii.

Ndipo mumuuze zoona za ndalama kuyambira pano. Ine ndinadzadziwa nditamaliza kuti mayi anagulitsa makina awo osokera. Akanandiuza, foni ija sindikanawavutitsa nayo.

Kondwani M.

Ndimagwira ntchito ya maakaunti, ndiye mundikhululukire ndilowe m'manambala pang'ono.

Mayi, ndalama yanu sinabedwe ndi munthu. Buku wamba la ku banki limapereka chiwongola dzanja chochepa kwambiri, pamene mitengo ya zinthu mu 2024 inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pa chaka, miyezi ina kuposa pamenepo. Ndiye kuti K100,000 imene mwaisunga mu Januwale, pofika Disembala ikugula zinthu zimene munkagula ndi K77,000. Chitani zimenezo zaka zingapo zotsatizana, muwonjezepo kugwa kwa kwacha kwa mu Meyi 2022 ndi 25 peresenti, ndi kuja kwa Novembala 2023 pamene dola inachoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700. Mayunivesite nawonso amagula mabuku, makompyuta ndi mankhwala a mu labu ndi dola yomweyo, n'chifukwa chake fizi siingaime. Chimene chimachitika kuno n'chakuti imakhala zaka zambiri osasuntha chifukwa aliyense amaopa zionetsero, kenako n'kudumpha kamodzi. Kumbukirani 2016, University of Malawi itakweza kufika pa K400,000, ophunzira anachita zionetsero mpaka Pulezidenti Peter Mutharika analamula kuti achotseko K50,000. Pambuyo pake panadutsa zaka zingapo kuli bata, kenako 2023 ija. Ndiye inu powerengera musatenge mtengo wa lero. Muziyerekeza kuti idzakhala itawirikiza kawiri, ikadzapanda kutero mudzaseka.

Njira zina zimene anthu a kumsika sauzidwa kawirikawiri:

Ma Treasury bill. Uku ndi kubwereketsa ndalama ku boma kudzera ku Reserve Bank, kwa masiku 91, 182 kapena 364. Mumadzera ku banki yanu yomweyo, mufunse za ndalama yoyambira. Chiwongola dzanja chake chimaposa kutali cha buku wamba, ngakhale amadulapo msonkho. Mwina sichingapose kukwera kwa mitengo, koma chimatseka bowo lalikulu. Ma unit trust, momwe anthu ambiri amasonkha ndalama kuti kampani iziwayendetsera, nawonso amagwira ntchito mofananako ndipo amalola kuponya pang'onopang'ono.

Masheya pa Malawi Stock Exchange. Mu 2020 FDH Bank inagulitsa masheya ake koyamba pa K10 imodzi, Airtel Malawi pa K12.69. Ya FDH ija inadutsa K100 kalekale. Ine ndinagulako ochepa ndipo ndimadziguguda kuti bwanji sindinagule ambiri. Koma ndinenenso chilungamo, masheya amatsikanso, ndipo ena amangokhala pamodzimodzi zaka. Kwa mtsikana wa Fomu 2 nthawi yafupika, sindingakulangizeni kuika yonse kumeneko. Kwa mnyamata wa Sitandade 5 uja, amene ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu kutsogolo, pamenepo ndiye pake.

Popeza bambo ndi mphunzitsi, afunsenso za SACCO, bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama la mamembala. Ubwino wake amadula ku malipiro ndalama isanafike m'manja, ndipo pa tsiku la fizi mutha kubwereka molingana ndi masheya anu pa chiwongola dzanja chosaluma ngati cha katapila.

Mwenecho

Dzalani paini basi. Ine agogo anandisiyira malo ku Lusangazi, mitengo ikukula ndili m'tulo.

Bambo a Wezi, Chibavi

A Mwenecho, paini amafuna zaka khumi ndi zisanu kapena kuposa kuti atuluke matabwa enieni. Mwana wa mayiwa adzakhala atakwatiwa. Ndipo mitengo siikula muli m'tulo, imafuna kulambulira njira zotchinga moto chaka ndi chaka. Mlamu wanga anataya maekala awiri masana amodzi a mu Okutobala chifukwa cha ana osaka mbewa.

Anya Jere, Zolozolo

Amama, onsewa akunena zoona, koma wakuba wamkulu sanamutchule. Si kwacha yokha. Ndi ifeyo ndi abale athu.

Mwanena nokha kuti munatapako pa maliro a apongozi. Sindikukudzudzulani, mukanatani? Koma ndi mmene zimathera. Pa mudzi akangodziwa kuti uje ali ndi buku la mwana, matenda onse ndi maliro onse amalunjika kwa iweyo, ndipo ukakana ndiwe mfiti. Ng'ombe za kwa achimwene anuzo ndiye musayerekeze. Ine ndinali nazo zitatu kumudzi. Ina inapita pa malowolo a mphwanga "tidzabweza", ina akuti inadya pulasitiki. Yachitatu ndinakagulitsa ndekha msangamsanga isanadyenso pulasitiki.

Kuika mu mpamba nakonso ndikukayika. Ndimagulitsa mpunga wa Kilombero, ndikudziwa mmene ndalama ya geni imasakanikirana ndi ya ndiwo. Pakutha pa chaka sudziwa kuti ya mwana ndi iti.

Banki m'khonde imathandiza ngati gulu lake ndi la anthu odziwana bwino, phindu lake pogawana mu Disembala limaposa la ku banki. Koma gulu lathu loyamba linatha msungichuma atasowa ndi bokosi, tinangomva kuti ali ku Joni. Muziikako yochepa imene ikatayika simungadwale nayo BP.

Ine ndili kumbali ya zipinda. Munthu sangabwere kudzapempha khoma kuti akagulire bokosi la maliro.

Kondwani M.

Anya Jere mwandiseketsa, koma ndionjezepo chimodzi. K870,000 pa mitengo ya lero siimaliza zipinda ziwiri, ngakhale chimodzi chidzafuna kuwonjezera. Choopsa ndi kutsala pakati: ndalama yathera m'maziko ndi m'makoma, denga palibe, lendi palibe, ndipo fizi ya chaka choyamba ikufunika. Muitanitse mmisiri awerengere zonse mpaka loko wa pachitseko musanagule njerwa ndi imodzi yomwe. Ndipo alendi ena salipira, zimenezo Bambo a Wezi sananene.

Bambo a Wezi, Chibavi

Sindinanene chifukwa ndikanayamba sindikanamaliza. Wina anakhala miyezi inayi n'kusamuka usiku, anatenga ndi babu lomwe.

NyaMhango, Chiputula

Yewo chomene nonse, sindinayembekeze kuti mungandiyankhe mozama chonchi. Lusungu mwana wanga, nkhani ya makina osokera ija yandiliza, ndinachita kutuluka panja kuti ana asandione.

Dzulo madzulo ndinawawerengera bambo zonse. Pa za ng'ombe ya pulasitiki anaseka mpaka kutsokomola, koma pa poloti sanagonje msanga, akuti mnzawo wa kusukulu anagula ku Nkhorongo ndipo lero mtengo wake wawirikiza. Ndinawafunsa kuti mnzawoyo wagulitsa? Akuti ayi. Ndiye walipirira mwana uti fizi? Anangoti ndimakonda makani.

Komabe m'mawa uno ndinawapeza kuseri ali ndi chingwe, akuyeza kuchokera pa bafa kukafika pa mtengo wa mapeyala. Malo a zipinda ziwiri palibe pokhapokha titadula mtengowo, ndipo umenewo sindilola, ndi umene umatipatsa ya sopo mu Malichi. Chimodzi chokulirapo chikukwana. Mmisiri wa ku tchalitchi kwathu abwera Loweruka kudzawerengera, mpaka loko wa pachitseko monga mwanenera a Kondwani.

Tagwirizana kuti K400,000 isakhudzidwe, ikhale poyambira fizi ya chaka choyamba. Lolemba ndipita ku banki kukafunsa za ma Treasury bill aja, ndikapeza kuti ndalama yoyambira ndi yaikulu ndifunsa za unit trust. Yotsalayo ndiye ya malata ndi mafelemu, ndipo K15,000 ija ndaikweza kufika pa K30,000, ngakhale sindikudziwa kuti miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene kumsika kumakhala zii, ndidzaitenga kuti. Za SACCO bambo akuti analowa kale zaka zitatu zapitazo. Ine ndamva dzulo. Imeneyo ndi nkhani ina, tikambirana awiri.

Mtsikana ndamuuza zonse, ndi ndalama imene ili m'buku yomwe. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti za maso za pa Mzuni zimafuna mapointi angati. Ndinalibe yankho. Alipo amene mwana wake analowa kumeneko posachedwapa? Komanso Bambo a Wezi, malata aja munkagula a geji yanji, ndipo pansi pa bedi sankachita dzimbiri ndi chinyontho cha kuno?